Neti ndinali nayo, pomangirira panalibe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndakupatsani moni nonse. Ine ndine Felesiya, kwathu ndi kwa Mlolo ku Nsanje. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ine ndi mwana wanga Tadala tinalibe pogona, ndi mmene Mulungu anatitulutsira m'mavutowo.

Madzi atasefukira, nyumba yathu ya njerwa zosawotcha inagwa yonse. Bambo a Tadala anali atamwalira kale. Tinakhala kaye pamsasa wa pasukulu, koma ana atayambanso kuphunzira tinachoka. Kumudzi kunali mchenga wokhawokha, moti sindinazindikire ngakhale pamene panali bwalo langa. Ndinapita kwa Makhuwira, kumene ndinkagwira ganyu wotsuka mbale m'malo odyera, ndipo tinkagona pakhonde la chigayo.

Udzudzu wa kuchigwa kuno mukuudziwa. Tadala anali ndi zaka zisanu, ndipo malungo ankangomubwerera. Fumbi la ufa linamupatsanso chifuwa. Tikapita kuchipatala, anamwino ankafunsa kuti, "Amayi, neti tinakupatsani ija simukugonamo?" Ine manyazi ankandiletsa kuwauza zoona. Neti ndinali nayo m'thumba, koma pakhondepo mwini chigayo sankalola kukhoma msomali. Mankhwala amene ankatipatsa tsiku lina ananyowa ndi mvula n'kusanduka phala.

Ulendo wachinayi mwana anakomoka. Ambulansi inatitengera kuchipatala chachikulu, ndipo anamuwonjezera magazi. Nditakhala pambali pa bedi lake ndinapemphera kuti, "Ambuye, mwanayu mukamuchiritsa ndipita naye kuti? Kodi ndimubwezerenso pakhonde lomwe lija?"

Patapita masiku awiri kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, dzina lake Agnesi, atanyamula mapepala. Anati akuchita kafukufuku wofuna kudziwa chifukwa chake odwala ena amabwerera kuchipatala pafupipafupi. Atandipempha chilolezo, anandifunsa kuti, "Mukatuluka muno, mukagona kuti?" Abale anga, chiyambireni mavutowa palibe anali atandifunsapo funso limenelo. Ndinayamba kuseka, kenako misozi. Ndinamuuza zonse. Iye sanandinamize. Anati, "Nyumba sindingakulonjezeni, koma zimene mwanenazi ndikazifikitsa kwa anthu."

Tadala atachira tinabwerera pakhonde lomwe lija, ndipo ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma patapita miyezi anabweradi kwa Makhuwira n'kuitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa pachipatala. Panali a komiti ya zaumoyo, abusa, mashehe ndi anthu wamba. Anafotokoza kuti mwa odwala amene anacheza nawo, obwerera kawirikawiri ambiri anali anthu opanda nyumba. Anatinso mafuta a ambulansi, mabedi, mankhwala ndi magazi ndi chuma cha tonse, ndipo chimapita chambiri pochiritsa munthu amene akubwerera kukagona panja. Kenako anandifunsa ngati ndingalole kulankhula. Ndinaimirira n'kufotokoza nkhani yanga.

Nditakhala pansi, anaimirira bambo wina wachikulire wovala chisoti choyera, Che Saidi. Iwowa ndi Msilamu wa ku Mangochi amene anadula nzimbe zaka zambiri n'kukhazikika konkuno. Anati, "Ine ndimagayitsa pachigayo chimenecho sabata iliyonse, ndipo mayiwa ndinkawaona, koma ndinkayesa akudikira ufa. Kuseri kwa nyumba yanga kuli malo a pamtunda, pamangodya mbuzi. Abwere amange." Anthu anaombera m'manja, mayi wina n'kufuula mothokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, Mulungu!"

Zotsatira zake zinali ngati chikondwerero. Azibambo a mpingo wathu anaumba njerwa n'kuziwotcha. Amayi a kumzikiti ankatunga madzi limodzi ndi amayi a chigwirizano, akuphunzitsana nyimbo n'kumasekana akalakwitsa. A komiti ya zaumoyo anapeza malata kwa anthu akufuna kwabwino. Che Saidi ankayang'anira mmisiri ngati nyumbayo ndi yawo, mpaka anamugwetsetsa khoma lina poti linapendekeka.

Tinalowa m'nyumba ya zipinda ziwiri, ya chitseko chotseka. Chaka chatha tsopano Tadala asanagonekedwenso m'chipatala. Wanenepa, wayamba sukulu, ndipo amalongolola kuyambira m'mawa. Inenso ndimagulitsa mandasi pakhomo panga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva kulira kwanga. Ndikuthokoza mayi Agnesi, Che Saidi ndi aliyense amene ananyamula njerwa ngakhale imodzi. Inu amene mukugona pakhonde la munthu lero, musaleke kupemphera, ndipo musachite manyazi kunena vuto lanu monga ndinkachitira ine. Pano m'khitchini mwanga mukukhala mayi wina wa ana amapasa, nayenso madzi anamulanda nyumba. Njerwa zake tikuumba Loweruka m'mawa. Amene ali ndi khasu kapena chidebe abwere, mandasi ndikazinga ndine. Ambuye akudalitseni nonse.