Nkhata yobwereka pa kiyosiki ya ku George

Olemekezeka a Khansala a dera lino la George kuno ku Zambia. Olemekezeka oimira unduna woona za chisamaliro cha anthu. Wapampando wa komiti ya nyumba ino, Bambo Josiah Kapambwe, pamodzi ndi anzanu a m'komiti. Mayi Petronella, amene mwayendetsa nyumba ya atsikanayi kuyambira ili zipinda ziwiri zalendi. Abusa ndi ansembe. Akalipentala ndi owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga, amene mwakhoma mabedi ndi mawindo tikuwaonawa. Amayi a pa kiyosiki ya madzi, amene mwakhala kumbuyo uko mutavala zitenje zofanana. Ndi inu atsikana, eni ake a tsiku la lero: ndakupatsani moni nonse.

Ndilankhula Chichewa cha kwathu ku Malawi, chimene kuno mumati ndi Chinyanja cha m'Baibulo. Mundipirire, monga munandipirira kale.

Tasonkhana kudzatsegula nyumba yachiwiri, yokhalamo atsikana amene akwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, amene msinkhu wawatulutsa m'nyumba ya ana koma moyo sunawapatsebe khomo lawolawo. Ndisanadule riboni, ndinene poyera nkhani imene yasowetsa mtendere a komiti. Nyumbayi ilibe woiyang'anira. Komiti inapempha Luse, mtsikana wokulira m'nyumba ino amene lero ali ndi dipuloma ya ntchito yosamalira anthu. Inenso ndinapempha Luse yemweyo kuti apite nane ku Lilongwe, akayendetse nyumba ya atsikana imene ndinayambitsa ku Chinsapo. Mpaka m'mawa uno sanayankhe aliyense wa ife. Choncho a Kapambwe aitana mlendo wolemekezeka amene akufuna kuwalanda munthu, ndipo ampatsanso mpando wa khushoni. Sekani ndithu, koma iwo sakuseka.

Ine ndine mphunzitsi wa masamu. Ndinazolowera kukhulupirira zimene ndaziona ndi kuziyeza kuposa zimene mtima wanena, ndipo mtima wanga lero ukunena chinthu chimodzi chokha, chimene ndi nsanje. Ndiloleni ndifotokoze kumene inachokera.

Papita zaka zoposa khumi chibwerereni kuno koyamba. Ndinasiya kaye sukulu yanga ku Lilongwe n'kubwera kudzagwira ntchito mongodzipereka. Ndinkagona m'kachipinda koyandikana ndi mosungira makala. M'mawa tinkasesa, kuphika phala pa mbaula ndi kuperekeza ana aang'ono mpaka pamsewu. Masana ndinkaphunzitsa masamu pakhonde, bolodi litatsamira khoma. Loweruka linali la kuchapa ndi kulukana tsitsi, ndipo palibe mtsikana amene anandilola kukhudza mutu wake kawiri. Dzina langa silinagwire ntchito kuno. Aliyense, kuyambira kondakitala wa minibasi mpaka mwana woyamba kumene kulankhula, ankanditcha ba Malawi.

Chimene chinandivuta kumvetsa ndi madzi. Atsikana ankatunga pa kiyosiki, ngati wina aliyense wa m'George, kuima pa mzere ndi zigubu dzuwa likuswa mtengo. Ndinaonanso kuti mtsikana watsopano akafika, Mayi Petronella ankamutuma ku madzi tsiku lotsatira, atampatsa chigubu koma osampatsa nkhata. Ine ndinaona ngati ndi umphawi chabe. Ndinakwera minibasi kupita m'tauni, ndinagula mulu wa zitenje zoti aliyense azipindira nkhata yake, ndinabwera nazo monyadira.

Mayi Petronella anazitambasula chimodzichimodzi, n'kunena kuti, "Ba Malawi, vitenge ivi ni vabwino maningi. Tizavala pa Khirisimasi." Atatero anazitsekera m'kabati.

Ndinafunsa chifukwa chake, ndipo sindinafunse mofatsa. Iwo anati, "Mwana akankhala na nkhata yake, azapempha kuli ndani?"

Tinatsutsana nthawi yaitali, pakuti Mayi Petronella nawonso ndi munthu wowerenga, ndipo safulumira kugonja. Mfundo yawo inali iyi: mtsikana wopanda nkhata amakakamizika kubwereka kwa mayi wina pa mzere. Chobwereka chimabwezedwa. Kuti abweze, ayenera kuchapa nsaluyo, kufunsa kumene mayiyo amakhala, kukagogoda pakhomo pake ndi kukhala pansi. Akatero, m'George muli khomo limodzi lomudziwa dzina, la munthu amene salipidwa kuti amusamale.

Luse anafika ine ndili konkuno. Kumene anachokera ndi zimene anakumana nazo sindinena, chifukwa nkhaniyo mwini wake ndi iye. Ndingonena kuti sankalankhula. Ukamufunsa ankayang'ana zala zake, ukamupatsa chakudya ankadya atatembenukira kukhoma. Anatumidwa ku madzi monga mwa mwambo, ine ndikutsatira pambuyo ndi chigubu changa. Atadzaza, anayesa kusenza pamutu popanda kanthu, chigubu chinaterereka, madzi n'kukhuthukira pa mapazi a mayi wogulitsa zitumbuwa, ba Nsofwa, amene lero akhala apo pa mzere wachiwiri wa mipando.

"Iwe kamwana!" anatero ba Nsofwa, mawu omveka mpaka ku Matero. "Mutu wako ni wa simenti? Ufuna kunyamula manzi kulibe nkhata? Tenga iyi. Koma ubweze, wamvela? Ni yanga, si ya boma!"

Mzere wonse unaseka. Ine ndinapsa mtima, ndinaona ngati mwana wovulala kale wachititsidwa manyazi pagulu. M'mawa mwake Luse anachapa nsalu ija n'kupita kukabweza. Anachedwa kubwerako. Anabwera manja ali noninoni ndi mafuta, atanyamula zitumbuwa ziwiri m'pepala, ndipo anauza mnzake wogona naye kuti, "Ba Nsofwa bakuti nibwele futi mailo," kwathu timati mawa. Amenewo ndiwo mawu oyamba amene tinamva kuchokera pakamwa pake. Ine ndinali nditakhala naye pakhonde masana ambiri, ndi mabuku ndi zithunzi ndi njira zonse zimene ndinawerenga, osapeza ngakhale liwu limodzi. Mayi amene anamukalipira pagulu analipeza ndi kansalu kothaitha. Nsanje yanga inabadwa tsiku limenelo, ndipo yakula bwino, sinadwalepo.

Musaganize kuti ndinalephera ntchito yanga. Luse ndinamuphunzitsa masamu kuyambira pa kugawa mpaka pa alijebula, ndipo nditabwerera kwathu tinapitiriza pa foni. Anakhoza giredi naini, anakhoza giredi thwelofu, analowa koleji. Atamaliza anandiimbira: "Ba Ticha, mubwele ku giraduweshoni. Koma mupando wa amai ni umozi chabe, ni wa ba Nsofwa. Imwe muzatijambula." Ndinabwera ulendo wonse wa pa basi kudzera ku Mchinji ndi ku Chipata, ndipo ndinawajambuladi. Chithunzicho n'chokongola kwambiri. Chili pa khoma kwa ba Nsofwa, ndipo ine mulibemo. Ba Nsofwa, ndikukuonani mukubisa nkhope m'chitenje. Musabise, munapambana mwachilungamo.

Olemekezeka, nsanje ya chithunzi ndi yaing'ono, munthu amagona nayo tulo. Ilipo ina yaikulu.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinayambitsa nyumba ya atsikana, ndipo ndinaimanga monga ndinkafunira. Ili ndi mpanda wa njerwa, geti yokhala ndi mlonda, mjigo pabwalo, ndi chipinda chowerengeramo. Atsikana anga saima pa mzere wa madzi. Amakhoza mayeso kuposa a kuno, ndipo Mayi Petronella akudziwa zimenezi chifukwa ndimawakumbutsa chaka ndi chaka. Pa mfundo imeneyo sindinasinthe maganizo: nthawi ya pa mzere ndi nthawi yobedwa kwa buku, ndiponso mvula ikagwa, njira ya ku kiyosiki imakhala ya matope ndi matenda.

Koma nyumba ya ana siyesedwa pa tsiku la mayeso lokha, imayesedwanso pa tsiku limene mwana watuluka pa geti ndi chikwama chake. Anga akatuluka, amalowa mumzinda umene sunawaonepo. Anansi amadziwa mpanda wathu, sadziwa nkhope za okhala m'kati. Ena amabwerera kudzagogoda pa geti patangopita miyezi yochepa. Ena amakwatiwa ndi mwamuna woyamba kuwalonjeza chipinda. Ena sindidziwa kumene ali, ndipo amenewa ndiwo amandidzidzimutsa pakati pa ntchito. Mwa atsikana khumi amene atuluka kwathu, amene ndinganene motsimikiza kuti ali pabwino sakwana asanu.

Sabata ino ndinapempha kuti andiyendetse kwa atsikana amene anatuluka kuno, osati osankhidwa ayi, koma aliyense amene angapezeke. Wina ndinamupeza mu saluni ku Matero. Wina akuwotcherera mageti ku Kalingalinga, amuna akumutcha bwana. Wina banja linamukanika, anathawa ndi khanda kumsana, ndipo sanabwerere ku nyumba ya ana, anapita kwa mayi amene anamubwereka nkhata kalekale, ndipo ali komweko. Si onse ali bwino. Alipo amene ngakhale Mayi Petronella sadziwa kumene analowera. Koma mwa khumi, asanu ndi atatu ali ndi khomo limene angagogode popanda kufotokoza kuti iwo ndani. Akatswiri amene ndawerenga amagwirizana pa mfundo yakuti wachinyamata wotuluka m'nyumba yotere amalimba ngati ali ndi munthu wamkulu mmodzi womudera nkhawa mwa kufuna kwake. Ine ndinaiwerenga m'mabuku, inu munaichita ndi zigubu.

Ndiye dzulo andionetsa nyumba yatsopanoyi, ndaona mpope. Ndinati mumtima, eya, Mayi Petronella agonja, madzi alowa pabwalo. Poyang'anitsitsa ndapeza kuti mpopewo auika kunja kwa mpanda, kuti anansi azitunga nawo, mzere uzibwera wokha pakhomo. Mwatenga mfundo yanga ya madzi aukhondo ndi apafupi, osataya yanu. Kodi munthu asachite nsanje?

N'chifukwa chake ndinafuna Luse. Ndinaganiza kuti ndikanyamula iye ndanyamula nzeru yonse ya nyumba ino, n'kukaitsitsa ku Chinsapo. Maganizo amenewa ndinabwera nawo, ndipo ndinali nawobe mpaka dzulo masana, pamene ndinayenda naye kuchokera pa siteji ya minibasi kufika pano. Ndi mtunda waufupi, koma tinayenda ngati tikuperekeza mkwatibwi. Mayi wogulitsa tomato anamuimitsa: "Ba Luse, kachipinda ka kumbuyo kaja kasila kumangiwa, ngati muli na mwana ofuna pogona." Kondakitala anatsika m'minibasi injini ikulira: "Ba sisi, uja wanu wamufupi namuona na mudala wina ku bala. Sininakondwele nayo nkhope yake." Luse sanalembe kanthu, anangofunsa kuti bala iti, ndipo pofika madzulo mtsikanayo anali atapezeka ndipo anali atakhala pansi ndi Mayi Petronella.

Pamenepo ndinaona chimene sindinkafuna kuona. Chimene ndimasirira sichili m'mutu mwa Luse mokha kuti ndingachikweze basi. Chili pakati pa iye ndi anthu a m'misewu ino, ndipo chinatenga zaka kuti chimere. Ku Chinsapo wa tomato sangamuimitse, kondakitala sangamutsikire. Angakakhale mlendo monga ndinalili ine kuno, azikamutcha a Zambia, ndipo nyumba ino ingatsale ndi mabedi atsopano popanda munthu wodziwa amene ayenera kugonapo. Ndinazindikiranso chifukwa chake wakhala chete. Mwana woleredwa bwino sakana mphunzitsi wake pamaso, ndipo ine ndimadziwa zimenezi pomupempha.

Luse, mwanawe, taimirira anthu akuone. Pempho langa ndalibweza, pamaso pa a Khansala ndi pa amayi akowa, ba Nsofwa. Ulibe mangawa kwa ine. Masamu ndinakuphunzitsa chifukwa unali ndi mutu wa masamu, osati kuti udzandilipire ndi moyo wako. Ukafuna ntchito ya nyumba ino, uwayankhe a komiti wekha, ndi pakamwa pako. Ndaona wagwedeza mutu movomera. A Kapambwe, mwaona nanunso? Pumani tsopano, mwakhala mutagwira mpweya kuyambira pa pemphero lotsegulira.

Amayi, nthungululuzo zachuluka, ena a ife taluza.

Sindichoka chimanjamanja. Ndikupempha komiti kuti ilandire atsikana awiri ogwira ntchito kwathu, adzakhale kuno chaka chathunthu mongodzipereka, agone kumene ndinkagona, aone ndi maso awo, kenako abwerere kukayamba ndi anansi athu a ku Chinsapo, amene takhala tikuwaonera pa geti. Zitenga nthawi, ndipo atsikana ena atuluka kwathu zisanapse. Zimenezo ndikuzidziwa, ndipo zikundiwawa.

Kwa inu atsikana amene mulowe m'nyumbayi: si malo obisalamo, ndi pokhala kanthawi mukuyang'ana njira. Mulemekeze Luse. Anthu awiri akuluakulu amulimbirana kudutsa malire a mayiko, ndipo wasankha inu.

Basi ya ku Lilongwe inyamuka mawa m'mawa, ndipo ndikwera ndekha.

Ndi mawu amenewa, olemekezeka nonse, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nyumba yachiwiri ya atsikana ya kuno ku George yatsegulidwa tsopano. Luse, bweretsa sizasi, ugwire mbali inayo.

Zikomo kwambiri, nonsenu.