Phunziro la Filadelfeya ku Likwaya

Lero Lolemba pawailesi yanu ino, ndipo mauthenga anu ali patebulo panga. Inu a pamsika, chepetsani phokoso, mwina akutchula kwanu.

A Yunus Dinala a m'mudzi mwa Likwaya, ku Makanjira, akudziwitsa abale ndi abwenzi a kwa Mponda ndi ku Malindi kuti mwambo wosudzula a Lourenco, amuna a malemu mlongo wawo Sara, uliko Loweruka lino m'mawa pakhomo pa mayi Ajira Dinala, akulu ake a malemuwo. Akuti monga mwa chikhalidwe, mkamwini akaferedwa mkazi amabwerera kwa makolo ake, choncho mwambo ukatha a Lourenco adzaperekezedwa kwawo ku Mozambique. Amayi mubwere ndi nkhuni. Chilengezochi chachokera kwa a Yunus Dinala, mwinimbumba.

A Harold, mlembi wa mpingo wa ku Likwaya komweko, akudziwitsa akhristu ndi aliyense wofuna kumva kuti phunziro la mipingo ya m'Chivumbulutso lipitirira Lachinayi masana. Lafika pa mpingo wa ku Filadelfeya. Mphunzitsi ndi a Lourenco omwe aja, ndipo amene anawamvapo akudziwa kuti sawodzeretsa munthu. Akuti adzafotokoza za mzinda wa minda yamphesa umene chivomezi chinaugwetsa m'masiku a mafumu a ku Roma. Nthaka inapitiriza kunjenjemera kwa zaka, mpaka anthu anazolowera kugona m'misasa kumunda, katundu ali womanga. Kwa kampingo kofooka ka anthu oterowo ndiye kunapita lonjezo lakuti wopirira adzakhala mzati m'nyumba ya Mulungu, osathawanso. A Lourenco akuti nkhaniyi amaidziwa ndi mapazi awo, chifukwa iwonso anafika kuno nthawi ya nkhondo atasenza mphasa yokha. Mubwere ndi mipando yanu, mabenchi ndi ochepa. Chilengezochi chachokera kwa a Harold, mlembi.

Lero Lachitatu, ndipo uwu ndiuwerenga pang'onopang'ono chifukwa wandikhudza.

Ines Lourenco wa ku Likwaya akupempha aliyense amene waona bambo ake, a Lourenco, kuti amudziwitse msanga. Anachoka dzulo kum'mawa osatsazika. Ndi achikulire, aatali, aimvi, amatsimphina mwendo wamanzere, ndipo Chichewa chawo chimasakanikira ndi Chiyao ndi Chipwitikizi. Anavala jekete lakuda, ananyamula Baibulo ndi kachikwama. Makiyi a nyumba anawasiya pakhomo, mbuzi anazipatsa madzi. Ines akuti bambo ake anamva okha pawailesi ino kuti aperekezedwa, ndipo anangoti, "Sindidikira kuti anditulutse ngati nkhuku." Akuti kumene akunenedwa kuti ndi kwawoko mudzi unapsa pankhondo, kulibe m'bale ngakhale manda oti n'kulozera. Bambo, ngati mukumva, mwana wanu sakudya. Chilengezochi chachokera kwa Ines, mwana wawo yekhayo.

Lero Lachinayi. Mitima pansi.

A Ahmad, eni boti lonyamula anthu pakati pa Makanjira ndi Malindi, akudziwitsa banja la a Dinala kuti madala amene mukuwafuna ali padoko pawo, ali bwinobwino ndipo adya. Madalawo anapempha kuti awanyamule n'kukawatsitsa kulikonse kumene boti lingaime. A Ahmad akuti iwo amanyamula munthu wodziwa kumene akupita, ndiye awakaniza. Pakali pano madalawo akhala pamthunzi, akufotokozera asodzi osoka maukonde za mzinda wa chivomezi uja, moti ntchito padoko yaima. A Ahmad akuti iwo ndi Msilamu koma nawonso amvetsera mpaka kumapeto. Akupempha abale abwere okha, osatuma munthu. Chilengezochi chachokera kwa a Ahmad, padoko.

Lero Lachisanu, ndipo uwu andiuza kuti ndisachotsepo liwu ngakhale limodzi.

Mayi Ajira Dinala akudziwitsa abale onse amene anaitanidwa kuti mwambo wa mawa ulipobe, nkhuni mubwere nazo ndithu, koma palibe woperekezedwa kulikonse. Akuti mlongo wawo a Yunus anatumiza uthenga uja potsata mwambo, osayamba afunsa kuti kwawo kwa munthuyo n'kuti. A Yunus avomera ndipo anapita okha padoko kukawatenga alamu awo. Mayi Ajira akuti munthu amene anadwazika Sara mpaka tsiku lomaliza, amene anakumba chitsime chomwe mudzi wonse ukumwa, si mlendo. Nyumba ndi munda zikhala m'manja mwa a Lourenco, ndipo amene sakugwirizana nazo akawapeze iwo pakhomo, sabisala. Chilengezochi chachokera kwa mayi Ajira Dinala.

Womaliza ndi waufupi.

A Lourenco akupepesa kwa Ines, kwa a Harold ndi kwa onse amene anabwera Lachinayi n'kupeza kutsogolo kulibe munthu. Phunziro la Filadelfeya lichitika Lamulungu masana, pabwalo la nyumba yawo, ndipo a Ahmad ndi asodzi awo asungiridwa malo. Chilengezochi chachokera kwa a Lourenco, omwe andiuza ndinene momveka bwino kuti kwawo ndi ku Likwaya.