Njinga Yopanda Kaliyala

Pamsika wa Bangula, pansi pa mtengo pomwe amakonzera njinga, mayi wina ankadikira makaniko atagwira njinga yakale yachitsulo. Bambo wa kabaza amene ankapopa tayala pambali pake anayamba kuseka.

"Mayi, njinga iyi mwaitchenetsa. Chiwongolero chopindika, magiya, timatayala ta mpikisano. Mukathamanga ndi ndani?"

"Musandiseke, bambo. Ndimatsuka mbale m'mawa uno, aneba n'kudzandiuza kuti mwana wanga Fanizo waivula njinga ya bambo ake. Ndakaipeza ili chonchi."

"Anyamata a masiku ano amadziwa zinthu. Ikapepuka imauluka imeneyi."

"Iulukire kuti? Timatayala iti tikutitimira mumchenga wa kwathu. Tikaponda munga umodzi, taphulika. Kaliyala wachotsa, akuti kulemera."

"Kaliyala n'kanthu? Nsomba zanu mutha kusenza pamutu."

"Amuna anga ndiwasenzenso pamutu? Anafa miyendo chaka chatha. Ndinasoka kamtsamiro ndi manja angawa, ndimawakhazika pakaliyalapo n'kupalasa mpaka kuchipatala. Mawa ndi tsiku lawo lolandira mankhwala. Fanizoyo wasinthanitsa kaliyala ndi chishalo chowonda ngati mpeni, inu mukuti amadziwa zinthu. Ndamubala ndekha, koma lero ndikupempha Mulungu andigwire dzanja, ndingamupweteke."

Bamboyo anasiya kupopa.

"Mumakhala mudzi uti? Mawa ndidzawatenga pa yangayi."

"Sindinakupempheni."

"Simunandipemphe, inde. Wopempha ndine. Ndaseka ndisanamve, mayi. Ndikhululukireni."