Nthambi Zitatu za Towera

Moni okondedwa mwa Ambuye. Tiyamike Mulungu amene akutisunga pansi pa dzuwa la Dubai, ndipo satimana chotiseketsa.

Lamulungu, tsiku lawo lopuma pantchito ya m'nyumba, Mayi Selinah anakwera abra, kabwato ka kuno, ndi mwana wawo Towera kuwolokera ku mapemphero ku Deira. Anali atalonjeza mpingo umboni wa kosi imene mwanayo wasankha ku yunivesite, koma dzina la kosiyo anali asanalimve.

"Yalla, fulumira, nena. Unesi kapena uloya?"

"Ayi amayi, ndatenga nthambi zitatu."

"Nthambi? Ndinakutuma kusukulu kapena kunkhuni?"

"Nthambi za maphunziro! Kadyedwe kabwino, kaganizidwe ka ana, ndi Chiarabu. Digiriyi ndadzipangira ndekha."

Mayi Selinah anamutseka pakamwa n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Chete, iwe! Waiwala Gideon uja wodzipangira satifiketi? Anamukweza ndege atavala patapata!"

"Sindinapeke pepala amayi. Yunivesite imalola kusakaniza."

"Ehe! Ikulola dala, yaona kuti yapeza chitsiru. Dzina lake n'chiyani?"

"Ilibe dzina."

"Ilibe? Adamu anatcha mayina mpaka abuluzi, yako yokhayi ndiye anaidumpha?"

"Ilibe chifukwa ndi yatsopano."

"Ngakhale khanda limapatsidwa dzina! Nanga ndikaima pamaso pa mpingo ndikati chiyani? Aleluya, mwana wanga akuphunzira zakutizakuti? Mayi Tasila, amwana dokotala aja, akaseka mpaka duku kugwa."

Towera anakweza chala ngati mlaliki.

"Mukanene kuti dziko lamakono likufuna munthu mmodzi wodziwa zambiri. Ntchito imeneyi palibe anaigwirapo. Ndidzakhala woyamba."

Mayi Selinah anayamba kupinda zala.

"Tadikira. Kusamala zimene anthu akudya?"

"Eya!"

"Kunyengerera ana a eni ake akavuta?"

"Ndi zomwezo!"

"Ndi kuyankha m'Chiarabu?"

"Mwaona? Mwamvetsa tsopano, amayi!"

Abra inagunda gombe. Mayiwo anakumbatira Baibulo lawo n'kudzuka.

"Khalas, basi, tiye ukasinthe. Digiri imeneyo ine ndili nayo kale, mwanawe, ndipo dzina ili nalo. Madamu akuntchito kwanga amaitchula m'mawa uliwonse: 'Selinah, yalla!'"

Ambuye akusungeni, owerenga anga, adalitse ntchito ya manja anu, ndipo ana anu awakhazike pamthunzi pamene inu munaima padzuwa. Ameni.