Fataleza m'Dziwe la Nsomba

Omvera anzanga, manyazi awa sanandichokebe. Patapita zaka zochepa dziko litalandira ufulu, ndinachoka kum'mawa kudzagwira ntchito kufakitale ya fataleza ku Kafue, n'kukwatira mwana wa msodzi. Apongozi akabwera kudzationa sankalephera kunyamula nsomba, ngati kuti mwana wawo ndinkamugoneka ndi njala. Zinkandiwawa, choncho ndinakumba dziwe kuseri kwa nyumba ku Nangongwe, n'kuikamo nsomba zing'onozing'ono. Pofuna kuti zikule msanga ngati chimanga, ndinakhuthuliramo thumba lonse la fataleza, n'kuitana apongozi kuti adzaone.

Anapeza nsomba zonse zikuyandama, mimba zili m'mwamba. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anamasula kathumba kawo.

"Musavutike, apongozi," anatero mofatsa. "Ndiwo nabwera nazo."

Nshima ya tsikulo ndinadya nditazolika.