Galimoto ya mayi atelala

Sabata yonse anthu akhala akunong'onezana zoti mayi atelala aja anaduka mwendo wamanzere pangozi akugula galimoto. Dzulo pasiteji, ine khutu tcheru, ndinamva bambo wina akufunsa mayi wonyamula dengu.

"Inu mayi, ndi mwendo umodzi aponda bwanji klachi?"

"Ilibe klachi, bambo. Ndi ya otomatiki, magiya imasintha yokha. Ndinawaona ndi maso angawa akuyiyesa."

"Yokha? Koma ndiye zilipo. Paja amuna awo akufuna ya manyuwo, akuti batire ikafooka umangokankha, n'kulira."

"Anawayankha pamaso pa wogulitsa. Amvekere, 'Mwandikankha panjinga ya olumala zaka zisanu, bambo a kunyumba. Zokankhidwa ndatopa nazo.'"

Bambo uja anangoti kukamwa yasa, mpaka basi inamusiya.

Inuyo mukanakhala amuna awo, mukanakakamirabe ya manyuwo?