Ndinachapa mwayi wa goloboyi

Ndikulonjereni nonse, abale ndi alongo a gulu lathu la mapemphero kuno ku Doha, ndi inu amene mukuwerenga muli kumudzi. Ntchito yanga ya ku hotela inatha pakati pa mliri wa korona, ndipo ndinatsala pang'ono kubwerera ku Malawi chimanjamanja. Mulungu anandipulumutsa kudzera m'chikwama chonunkha cha mtsikana wosewera hoke ya pa ayisi. Ndisanabwere kuno ndinkalemba nkhani m'nyuzipepala ku Blantyre, choncho ndifotokoza mmene zinayendera, osathira mchere.

M'chaka cha 2020 ndinkachapa zovala pa hotela ina ku Al Mirqab. Alendo atasiya kubwera, hotelayo inasanduka malo a kwarantini. Wochokera kunja ankatsekeredwa m'chipinda mpaka atapezeka kuti alibe matenda, ndipo zochapa ankazisiya pakhomo. Tsiku lina ndinapeza chikwama chachitali ngati bokosi la maliro. Nditachitsegula, fungo linapyola masiki. Munali zotchingira miyendo zonenepa ngati matiresi, chisoti cha mawaya kumaso ndi magolovesi ouma gwa ndi thukuta lakale. Zina zinali zitayamba nkhungu. Sindinaziike m'makina poopa kuti zing'ambika. Ndinazitsuka pamanja ndi viniga ndi soda, n'kuziumitsa pamphepo ya eyakoni.

Nditabweza chikwamacho, foni ya kochapira inalira. Anali mwiniwake, Mariam, mwana wa ku Sudan wokulira konkuno, wophunzira pa koleji ina komanso goloboyi wa timu ya atsikana ya pakolejipo.

"Anti, mwachita chiyani? Ine ndinangochitulutsa chifukwa m'chipinda muno simumapumika. Mwandichapira mwayi wanga wonse!"

Ndipamene ndinamva za mwambo wa masewerawa. Osewera ena, makamaka oteteza golo, sachapa zida zawo akapambana, amati mwayi umakhala m'thukutamo. Mariam sanachape zake chipambanire masewero awo omaliza mliri usanayambe. Ndinapepesa mtima uli m'mwamba, chifukwa dandaulo la mlendo limachotsetsa ntchito. Koma iye anaseka n'kunena kuti zida zake sizinanunkhirepo chotero chizigulire. Anapempha nambala yanga, ine n'kuiwala za iye.

Patapita miyezi, hotela inachepetsa antchito ndipo ndinapatsidwa notisi. Kuno chiphaso chokhalira m'dziko chimamangika ku ntchito. Ntchito ikatha, iwe sunapeze ina, ulendo wa kwanu wakwana. Kumudzi ku Ntcheu ndili ndi ana awiri a sukulu ndi mayi anga odwala shuga, onse akuyang'ana ine. Ndinapita kwa manijala kukapempha NOC, kalata ija imene bwana wakale ankalemba yokumasula kuti ukagwire kwina. Anandiyankha osadzutsa mutu kuti hotela sipereka kalata zotere, halasi, kutanthauza kuti nkhani yatha.

Masiku amenewo anali owawa. Matchalitchi anali otseka, tinkapemphera pafoni, mawu akudukaduka. Ndinkati ndikayamba pemphero, mawu n'kundithera pakamwa. Ndinafika pongonena kuti, Ambuye, simunandiolotse nyanja kuti ndikachite manyazi pamaso pa ana anga. Sutikesi ndinali nditalonga kale.

Yankho linabwera mbali ziwiri. Mbali yoyamba anabwera nayo achimwene a Phiri, a m'gulu lathu lomweli, amene ndi mlonda pa molo ina, chinyumba chachikulu cha masitolo. Nditawadandaulira za NOC, anaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, inu atolankhani athunthu mukulirira kalata imene boma linathetsa kale? Lamulo linasintha. Pezani sponsa, bwana watsopano, mupange apulayi, basi."

Zinali zoona. Chaka chomwecho lamulo linasinthadi, wantchito atha kusintha bwana popanda chilolezo cha wakale. Koma ndani akanalemba munthu ntchito aliyense akuchotsa anthu?

Mbali yachiwiri inali foni ya Mariam. Koleji inali italola timu yawo kuyambanso kusewera, koma pa lamulo limodzi: chida chilichonse chizitsukidwa akamaliza kuchigwiritsa ntchito, chifukwa zida n'zodula ndipo atsikanawo ankabwerekana. Kampani yoyang'anira bwalo losewerera inkafuna munthu wa ntchito imeneyo.

"Kochi akuti akufuna munthu wosaopa fungo. Ndawauza kuti ndikudziwa mmodzi. Yala, tiyeni Anti, mubwere mawa."

Ndinapita, anandilemba, ndipo uthenga wa boma wovomereza kusintha bwana unafika pafoni notisi yanga isanathe. Ndinagwada pansi m'chipinda chathu chogona anthu asanu, anzanga akuyesa ndakomoka.

Bwalo lathu lili m'kati mwa molo. Kunja dzuwa likuphwanya miyala, ine m'kati ndavala jekete ngati ndili ku Dedza mwezi wa Juni. Mbali iliyonse imalowa ndi osewera asanu ndi goloboyi, atavala nsapato za mipeni kunsi, akulimbirana ndi ndodo kampira kakuda kophwatalala. Timu yathu inali ya atsikana a mayiko osiyanasiyana, ena oti kuima pa ayisi aphunzira posachedwa. Tinkasewera ndi matimu a amayi achilendo okhala kuno, ena mwa iwo anayamba masewerawa ali akhanda. Ndinene zoona, tinkagonja. Kampira kakalowa m'golo, Mariam ankatembenuka n'kundiyang'ana m'mawaya a chisoti chake.

"Anti, onani viniga wanu!"

"Mwayi wanji wochita nkhungu, mwana iwe? Tseka miyendoyo!"

Timu yonse inkaseka, koma ine mtima unali pa zina. Kontirakiti yanga inali ya nyengo imodzi yokha ya masewera, ndipo koleji inanena poyera kuti iona ngati timuyo ipitirire. Matenda atabukanso kumayambiriro kwa 2021, bwalo linatsekedwa. Ndinabwerera ku mapemphero a pafoni aja, sutikesi ili pomwe paja. Koma ulendo uno sindinailonge.

Bwalo litatsegulidwa tinasewera masewero omaliza opanda oonerera. Tinagoletsa chigoli chimodzi, ndipo Mariam anatseka golo mpaka belu lomaliza, zida zake zikununkhira sopo. Atsikana anaunjikana pa iye akukuwa. Mariam atatuluka anakumbatira chikwama chake n'kunena kuti chokhachi ndisachikhudze. Ndinamuuza kuti lamulo ndi lamulo, ndipo ndinachapa.

Ine sindinapempherere chigoli chimenecho, ndinapempherera ntchito. Ndipo chimene chinasunga timu si chigolicho. Pamsonkhano wa akuluakulu a koleji, kochi ananena kuti nyengo yonse yatha popanda wosewera wotenga matenda kwa mnzake pabwalo. Atsikana anasunga malamulo, ine ndinachita mbali yanga, Mulungu anachita yake. Koleji inavomera nyengo ina, kampani n'kundionjezera kontirakiti.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso inu amene munapemphera nane foni zikudukaduka. Mlongo wanga amene wapatsidwa notisi, usathamangire kulonga katundu. Pemphera, funsa anzako zimene lamulo likunena lero, osati zimene linkanena utangofika, ndipo ntchito imene ili m'manja mwako igwire bwino ngakhale ikununkha. Ine khomo langa linali m'chikwama chimene ndikanatha kuchikankhira kumbali ndi phazi.

Zokonzekera nyengo yatsopano ziyamba mwezi wamawa, ndipo tikudikira zida zina kuti atsikana asiye kubwerekana. Mariam wapempha kuti golovesi yake imodzi yokha isamachapidwe. Kochi akuti apereka chigamulo tsiku loyamba, koma ine viniga ndagula kale.